Dasom Sadya Ine Ndikuona

Lolemba, 4 Novembala

Andigoneka masana ano, wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi chitseko. Anamwino andipatsa kope ili kuti ndizilembamo zomwe ndadya ndi zomwe ndatulutsa. Pachikuto alembapo Pyo Gumrye, zaka 63. Dzinalo ndaliyang'ana kawiri, chifukwa pamsika wathu wa ku Gunsan, pomwe ndagulitsa ndiwo zophikaphika zaka makumi atatu, aliyense amangoti Amake Dasom. Poti zakudya zoti ndilembe zikhala zochepa, masamba otsalawo ndi anga.

Adokotala ajambula chifu papepala n'kuchidula ndi cholembera. Akuti khansayo yaoneka msanga. Lachitatu m'mawa achotsa magawo awiri mwa atatu, kudzera pa timabowo tinayi pamimba. Kuthamanga kwa magazi 138/84. Pasikelo makilo 62.

Mwana wanga wamkazi Dasom afika mawa kuchokera ku Canada, komwe amagwira ntchito kwa dokotala wa mano. Patha zaka zisanu osaponda kuno. Ulendo womaliza ndinakamuchingamira kubwalo la ndege, ndipo asanatule n'chikwama chomwe ndinati, "Iwe, wanenepa bwanji chonchi?" Kwa ine umenewo unali moni, monga timachitira tonse. Sabata yomweyo ndinamukokera kwa sing'anga wa zitsamba kukatenga mankhwala oondetsa, aja a m'timapaketi. Atabwerera ndinkamuikirabe timapaketito m'katoni iliyonse yomwe ndinkatumiza, pansi pa tsabola ndi nsomba zouma. Ankathokoza pafoni, koma kubwera ayi.

Abwerera Lachisanu la sabata yamawa, pa 15. Mpeni wa adokotala sindikuuopa kwenikweni. Ndikuopa kuti mwana wanga mmodzi yekhayu akakwera ndegeyo sadzabweranso.

Lachiwiri, 5 Novembala

Wafika cha m'ma 3 koloko, tsitsi lalifupi, jekete lalikulu lobiriwira. M'mawa ndinalumbira kuti pakamwa nditseka, ndipo ndinatsekadi. Koma maso anayamba okha kumuyeza, kuyambira m'mapewa kutsika pansi, ndipo iye anawaona.

"Wadya?" ndinatero.

"Ndadya m'ndege, Amayi."

M'chipinda muno muli mabedi asanu ndi limodzi, koma olongolola ndi ochepa. Pawindo pali Agogo a Maeng, zaka 81. Anawadula matumbo sabata yatha, lilime sanalikhudze. Moyang'anana nane muli Lerma, wa ku Philippines, yemwe anakwatiwa ndi mlimi wa mpunga ku Gimje zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Anamuchotsa ndulu dzana, koma bala lachita mafinya, ndiye akhalitsako.

Dasom ankayala bulangete pa kabedi ka gadiyani, kaja kotsika kotulukira pansi pa bedi langa, Agogo akumuyang'ana.

"Amake Dasom, ameneyu ndiye wa ku Canada uja? Kumeneko amadya bwino ndithu. Kabediko kamukwana?"

Ena anaseka. Dasom anawerama mwaulemu n'kuti, "Kandikwana, Agogo." Ine ndinayang'ana kudenga.

Chakudya chomaliza: phala loyera la mpunga, lopanda ndiwo. Kuyambira pano ngakhale madzi ayi.

Lachinayi, 7 Novembala

Opaleshoni inachitika dzulo, maola atatu ndi theka. Chubu chimodzi pamimba, diripi kudzanja lamanzere. Kukuwawa. Madzi sakulola, Dasom akundinyowetsa milomo ndi kansalu. Andiyendetsa kawiri mukhonde nditagwira chitsulo cha diripi. Ndamutukwana namwino, kenako ndamupepesa.

Manja a Dasom ndi ofunda.

Lachisanu, 8 Novembala

Ntchito ya lero ndi kudikira mpweya. Akuti matumbo akadzuka ndiphwisa, ndipo ndisanaphwise sandipatsa ngakhale dontho la madzi. Adokotala afunsa, anamwino afunsa, mayi wokolopa nayenso wafunsa. Agogo a Maeng akumafuula ali pawindo ola lililonse, "Amake Dasom, kulibe nkhani kumeneko?" Moyo wanga wonse ndakhala ndikubisa zimenezi, lero wodi yonse ikuzidikira ngati basi yochedwa.

Ndayenda kasanu. Kutentha kwa thupi 37.4. Andipatsa kachida kokhala ndi timipira titatu koti ndizikoka mpweya timipirato tikwere. Ndakweza kamodzi kokha. Agogo akuti iwo anakweza tiwiri tsiku loyamba, koma mpongozi wawo, yemwe ndi gadiyani wawo, wandipukusira mutu ali kumbuyo kwawo.

Nthawi ya chakudya muno mumakhala ngati pamsika. Odwala omwe aloledwa kudya, pamodzi ndi magadiyani awo, amatulutsa mabokosi mufiriji, lililonse lolembedwa dzina, n'kumapatsirana: kimchi ya uyu, kabichi wathu wosasitsa ndi mchere ndi tsabola uja, tinsomba tokazinga ta uyo. Fungo lokha ndadziwa kale kuti kimchi ya bedi lachitatu anathiramo shuga wambiri. Mpongozi wa Agogo anamenya mbatata yophika n'kumupatsa Dasom. "Ndadya kale, zikomo," anatero. Kenako anavala jekete n'kuti akukawongola miyendo. Anabwera patatha mphindi makumi awiri.

Chifikireni Lachiwiri sindinamuone akuika kanthu m'kamwa. Ine ndadyetsa msika wonse, ndimadziwa amene wadya ndi amene akunama.

Loweruka, 9 Novembala

Mpweya uja watuluka 10:40 m'mawa. Agogo anaomba m'manja, mpongozi wawo anathamanga kukauza anamwino. Madzi: masupuni atatu ola lililonse. Sindinkadziwa kuti madzi amakoma chonchi.

Masana, Dasom atapita kokawongola miyendo kwake kuja, Lerma anabwera atagwira mimba n'kukhala pampando wa pambali panga. Chinenero chathu amachilankhula bwino, ndi kakokedwe ka mawu ka ku Gimje kenikeni. Ndinamufunsa kuti timiyala ta m'ndulu tinamupeza bwanji pa msinkhu wakewo.

"Kuonda mothamanga, Amayi. Makilo khumi ndi limodzi pa miyezi itatu. Adokotala akuti ndulu siifuna zimenezo."

"Unkathamangira kuti?"

"Apongozi. Chikondwerero chilichonse ndikangoponda pakhomo, 'Amake Junho, wanenepa.' Tikakhala pansi, iwo omwewo andidzazira mpunga mpaka kusefukira, 'Idya, idya, ukudya ngati mbalame bwanji?' Ndikadya ndiye ndanenepa. Ndikasiya ndiye ndanyoza chakudya chawo. Kwathunso anthu amanena zimenezi, koma kumeneko ndimawayankha n'kuseka. Kuno ndingayankhe ndani?"

"Ndiye unasiya kudya?"

"Amayi omwe timalima nawo anandionetsa sing'anga wa timapaketi. Katatu patsiku. Mtima kumagunda, tulo osabwera, chakudya osachifuna n'komwe. Mudzi wonse unandiyamikira. Mwamuna wanga yekha ndi amene anati, 'Iwe ukudwala.'"

"Timapaketi ta madzi akuda, owawa?"

"Mumatidziwa?"

"Ndinationapo," ndinatero.

Sindinamuuze kuti ndakhala ndikutitumiza ku Canada zaka zisanu. Madzulo bala linawawa kwambiri, ndapempha mankhwala.

Lamlungu, 10 Novembala

Madzi a mpunga, masupuni 6. Chubu cha pamimba achotsa. Makilo 58.

Atatuluka kutchalitchi abwera Adikoni a Ok ndi amayi awiri a kwaya, atanyamula bokosi la timabotolo ta juwisi lomwe sindingamwe. Anapemphera, kenako Adikoni anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala.

"Taonani nkhope mmene yachepera bwino. Amake Dasom, mwabwerera utsikana. Makilo angati?"

"Anayi."

"Sabata imodzi yokha? Ine chaka chonse ndikuyenda m'mbali mwa mtsinje m'mawa uliwonse, theka la kilo basi. Mpaka ndikuchita nanu nsanje."

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nditagwira bala. Kuseka kutatha m'kati munazizira. Andidula chifu, ndikumwa madzi a mpunga ndi kasupuni ka mwana, ndipo mnzanga wa zaka makumi awiri akundiyamikira. Kumukwiyira sindingathe. Amuna ake atamwalira, iye atatha mwezi osadya bwino, ndine amene ndinamuuza pakhomo pa tchalitchi kuti siketi yayamba kumukhala.

Potuluka Adikoni anamusisita Dasom pamkono. "Iwenso utengereko kwa mayi ako, upeze mwamuna."

Dasom anamwetulira n'kuwaperekeza mpaka pa chikepe. Ine, amene ndimathamangitsa ogulitsa kabichi wowola ndi pakamwa pokha, sindinamuteteze mwana wanga. Ndachita manyazi.

Lolemba, 11 Novembala

Phala la mpunga lamadzimadzi, theka la kambale, kasanu ndi kamodzi patsiku. Diripi ikadalipo.

Masana Dasom atavala jekete ndinawerenga mpaka makumi asanu, n'kukankha chitsulo changa cha diripi kulowa m'chikepe. Pansi penipeni pa chipatala pali kasitolo. Ndinamupeza mmenemo, kuseri kwa mashelefu, pa thabwa lomwe anthu amadyerapo choimirira, atayang'ana khoma. Anali ndi timipunga tiwiri tokulunga m'ndere za m'nyanja, tija tozizira ta m'pulasitiki. Ankadya msangamsanga, atakweza mapewa, ngati munthu wakuba. Atamaliza anapukuta pakamwa kawiri n'kukankhira mapepalawo pansi pa zinyalala zina.

Mwana ameneyu ali wamng'ono ankakhala pa bokosi kuseri kwa benchi langa kumsika, n'kumalawa ndiwo iliyonse ndisanayambe kugulitsa. Akati mchere wachepa ndinkawonjezera, ndipo sankalakwitsa. Ndinabwerera m'chikepe osamuitana.

Ndikanangokhala chete. Koma atabwera ndinati, "Timipunga ta m'sitolo tija n'topanda thanzi, n'timene timanenepetsa. Bwenzi utadya chakudya chenicheni."

Ndinkafuna kunena kuti azidyera pano, pafupi ndi ine. Zomwe zinatuluka ndi zimenezo.

Anakoka katani kuzungulira bedi n'kulankhula motsitsa kuti Agogo asamve.

"Munanditsatira?"

"Ndimayenda. Adokotala anati ndiziyenda."

"Amayi, ndili ndi zaka 34. Ku Calgary, komwe ndimakhala ku Canada, ndimadya ndi anzanga, ndimaphika, ndimaitana anthu kunyumba. Amaukonda msuzi wa kimchi, womwe munandiphunzitsa inu. Palibe amene amawerenga masupuni anga. Koma ndikakhala pamaso panu dzanja limanjenjemera. Maso anu ndimawamva pa supuni kuchokera m'mbale mpaka kukamwa."

"Ndimafuna ukhale bwino. Anthu kuno amalankhula."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndili kumene ndiliko."

Anatsegula katani n'kupita kukachapa matawulo. Madzulo wandipukuta msana monga mwa masiku onse. Kwatsala masiku anayi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Zotsatira zabwera. Zonse zomwe anachotsa m'mbali mwa chifu zilibe khansa. Mankhwala amphamvu a khansa sindilandira, ndizingobwera kudzaonedwa pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Dasom anawerama kwa adokotala katatu, n'kutuluka mukhonde. Anabwera maso ali ofiira. Diripi achotsa. Makilo 57.

Kwabwera mayi wophunzitsa za kadyedwe. Malamulo ake: kudya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi patsiku, supuni iliyonse kutafuna mpaka kuwerenga makumi atatu, ngakhale likhale phala, madzi pakatha theka la ola, zamchere, zatsabola ndi zotsekemera ayi. Ndikadya mothamanga ndidzatuluka thukuta n'kuchita chizungulire. Kimchi pakatha miyezi iwiri, yotsuka m'madzi. Ndinamufunsa kuti nanga kabichi wa kimchi ya nyengo yozizira andithirira mchere ndani, poti mwezi wake ndi uno. Anati imeneyo si nkhani ya chipatala. Dasom analemba zonse m'foni.

Lerma watuluka lero. Apongozi ake abwera kudzamutenga, mayi wamng'ono wopindika msana, atanyamula poto wa phala la dzungu wokulunga m'nsalu kuchokera ku Gimje pa basi. Atangomuona anati, "Amake Junho, waonda ngati ndodo, anthu aziti sitikudyetsa. Idya." Lerma anandiyang'ana n'kukweza nsidze. Koma ine ndinaona mmene mayiyo ankamasulira nsalu ija mosamala kuti phala lisatayike. Ndinamumvetsa bwino lomwe, ndipo n'zimene zinandipweteka.

Potsanzika Lerma anawerama n'kundinong'oneza.

"Katani si khoma, Amayi, dzulo ndinamva. Ndikuuzeni? Musamuuze kanthu. Ngakhale 'idya' musanene."

"Nanga mayi anganene chiyani pa chakudya?"

"Palibe. Inu muzingotafuna makumi atatu anuwo."

Agogo anafunsa kuti tikunong'onezana chiyani. Ndinati za mpweya, anakhutira.

Lachitatu, 13 Novembala

Phala lolimbirako. Magazi 124/78. Ulusi achotsa mawa ndisanatuluke.

M'mawa ndinapita ndekha kwa anamwino kukalembetsa chakudya cha gadiyani cha masana. Nditabwerera Dasom anayamba kundipesa tsitsi. Poti anali kumbuyo kwanga, nkhope osaonana, ndinati ndilankhule pomwepo.

"Timapaketi tija. Ukafika ukataye."

"Ndinkataya tikangofika, Amayi. Tonse."

"Unkachita bwino."

Chipeso chinaima pang'ono, n'kupitiriza.

"Ndinalakwa ndine," ndinatero ndikuyang'ana khoma. Sindikukumbuka ngati mawu amenewa ndinawanenapo kwa munthu chibadwire. Bambo ake anapita kumanda osawamva. Dasom anangomanga tsitsilo bwinobwino.

12 koloko anabweretsa mathireyi awiri. Langa: phala, dzira lofewa lophika pa nthunzi, tofu wofewa wopangidwa ndi soya. Linalo: mpunga, msuzi wa soya, sipinachi, kimchi, ndi nsomba yowotcha yathunthu. Dasom anali atatenga kale jekete.

"Ili ndi la ndani?"

"La gadiyani," ndinatero. Basi.

Agogo anatukula mutu. "Lero wa ku Canada uja ndiye…"

"Agogo, phala lanu likuzizira," ndinatero ndi mawu anga a kumsika. Anatseka pakamwa.

Ndinaika supuni m'kamwa n'kuyamba kutafuna, maso pa mbale yanga. Mawu anabwera ambiri: khala pansi, msuzi uzizira, jekete ukupita nalo kuti. Ndinawatafuna limodzi ndi phala. Pa supuni yachitatu ndinamva jekete likugwera pa kabedi. Pa yachisanu ndinamva chivindikiro cha mbale ya mpunga.

Sindinayang'ane. Koma malangizo a Lerma anali a pakamwa, manja sanawamve. Nsomba ija inali pafupi, ine sindiloledwa kuidya, ndipo timitengo tanga todyera tinapita tokha. Ndinachotsa minga, ndinatenga mnofu wa pamsana, n'kuuika pamwamba pa mpunga womwe unali pa supuni yake. Nditauika m'pamene ndinachita mantha. Supuniyo inaima m'malere. Ndinaona kuti ikunjenjemeradi.

Ndinabweza maso pa mbale yanga n'kumatafuna phala lomwe linali litatha kale m'kamwa.

Anadya. Ndinamva akumeza. Anakoka mamina pang'ono n'kuti, "Aumitsa kwambiri. Yanu imaposa."

Ine ndinali pa 17 powerenga kutafuna kwanga.

Kenako supuni ina ya mpunga inabwera pang'onopang'ono kudutsa pa kathebulo n'kuima pafupi ndi dzanja langa.

"Ya kumimba, Amayi. Yamafuta ija."

Ndinamuikira. Nsomba yonse inatha choncho, mpaka mnofu wa kumutu. Phala langa linazizira ndisanafike theka, ndipo namwino wandikalipira kuti wodwala wa bedi loyamba sakumaliza chakudya.

Ndege ikadali Lachisanu. Madzulo ano, akulongedza matawulo, wandifunsa ngati pofika Chaka Chatsopano adokotala adzakhale atandilola msuzi wa ng'ombe wa tsikulo. Ndati sindikudziwa. Wati awafunsa yekha mawa, kuti adziwe choti adzaphike akadzabwera.